Tambala Walira Mumtsuko

Amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo asuweni anga a Veronika, amene kwathu kuno kuseri kwa Bowe timawatchula kuti aNankhoma, nyimbo anazidziwa. Za kuipazo ndinganene ndine ndekha poti ndi asuweni anga, wina akangoyerekeza ndimugulula mano. Ndi munthu wamfupi, wakuda bii, wa mano otalikirana ngati chimanga cha chaka cha chilala, ndipo akamayenda amakhala ngati akukangana ndi njira. Koma akangotsegula pakamwa pabwalo la chimtali, ngakhale wa ngolo amaimitsa ng'ombe. Ine ndine Faines. Kwa zaka zoposa makumi atatu, iwo akayambitsa nyimbo woyamba kuvomera ndimakhala ine, ndiye zimene ndikunenazi si zongomva ayi, ndinalipo.

Anabadwa mayi awo ataika kale ana atatu m'manda. Dzina limene anapatsidwa pobadwa sindilitchula, mulimva nokha kutsogoloku ndipo silitulukira pakamwa panga. Kwathu dzina la paubwana limatsala kuchinamwali. Mtsikana akatuluka m'tsimba amatuluka ndi dzina lina, akabatizidwa amaonjezera lina, akakula timangomuitana ndi mfunda wake basi, aNankhoma, aNamwale, aNambewe. Kuitana mayi wamkulu ndi dzina la paubwana n'chimodzimodzi kumuvula chitenje pamsika. Nthawi zambiri ngakhale ana ake obereka yekha salidziwa n'komwe.

Bambo awo anali tenanti pa esiteti ina cha ku Chisepo, choncho singano yosokera fodya anaigwira asanagwire pensulo, ndipo pensuloyo anaisiya ali sitandade 3. Mwa nyimbo zawo zonse palibe ngakhale imodzi imene inalembedwa papepala. Zimabadwira m'chigafa akusoka fodya. Amayamba kuimbira m'mphuno masiku awiri kapena atatu, ukawafunsa kanthu osakuyankha, kenako mawu amatulukira okha atakhala kale m'malo mwake. Lamulo lawo linali limodzi, loti m'nyimbo munthu satchulidwa dzina. Ankati nyimbo yabwino imatsamwitsa mwini nkhani yekhayo, ena onse akungovina. Malemu amuna awo, a Bonifasi, atagulitsa mbuzi mobisa n'kukamwera kachasu, aNankhoma sanakalipe. Pa chimtali chotsatira tinaimba za mbuzi imene inapita yokha kumowa n'kuiwala njira yobwerera kukhola. A Bonifasi anaomba nawo m'manja mpaka ndime yachiwiri, kenako anakumbukira kuti ali ndi ntchito kudimba.

Nyimbo imodzi yokha ndi imene inali ndi dzina la munthu, ndipo imeneyo sinafikepo pabwalo. Mirriam anali mwana wawo womaliza, mtsikana wa zaka 19. Mu Novembala 2009 akupanga mizere anangoti mutu ukundipweteka, n'kukhala pansi. Tinamutengera pangolo mpaka kumsewu, anakafika kuchipatala ku Mtengowanthenga, koma tsiku lachiwiri anatisiya. Titangoika maliro mvula yoyamba inagwa. Atapita kumunda, aNankhoma anapeza khasu la mwanayo likadali pamzere umene sanaumalize. Analizula n'kubwera nalo kunyumba akuimba motsitsa:

Mvula yagwa, Mirriam,
khasu lako lili pamzere.
Dzuka, mwanawe, dzuka,
dzuka ukamalize.

Nyimbo imeneyi ine sindinaivomerepo, sinali yovomera. Ankaiimba mwina kawiri pachaka, mvula ikamagwa yawaawaa tili awiriwiri m'chigafa, ine n'kumangosoka ngati sindikumva. Khasulo analiika kunsi kwa bedi.

Mafoni ojambula atafika, aNankhoma sanadane nawo. Chimene chinkawanyansa ndi masipika a paukwati, amene anachititsa kuti ife a chimtali tizipatsidwa kanthawi kakang'ono, anthu ali kalikiliki ndi mpunga. Koma tsiku loyamba kudziona pakanema anaseka mpaka misozi. "Ndiye ndine ameneyu? Faines, zaka zonsezi osandiuza kuti ndimavina ngati ndikupondera fodya m'belo?" Anakondwa kwambiri atamva kuti mlongo wawo wa ku Joni akhoza kuwaona akuvina tsiku lomwelo.

Ndiye kunabwera Rodrick. Anachokera kumapiri a ku Ntchisi mu 2021 kudzakhala chikamwini kwa aNamwale, atakwatira mwana wawo Diana. Amayi amenewa, aNamwale, anakulira limodzi ndi aNankhoma, analowa m'tsimba limodzi, ndipo pa maliro a Mirriam amene anasambitsa mtembo ndi iwowo. Pamenepo mugwiritsitse. Rodrick anali mnyamata wosalala, waulemu wa pakamwa, khasu ankaligwira ngati likumuotcha. Chake chinali foni yong'aluka galasi imene ankaimangirira kunsungwi ndi mphira wa chubu. Ankavala duku ndi chitenje, kudzijambula akuchita zisudzo, kenako kukakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu kukasaka netiweki. Ndisamunamizire, luso anali nalo. Ankatha kuika ng'oma za makina kunsi kwa mawu mpaka nyimbo imveke ngati ya pawailesi, ndipo akangotulukira pakanema anthu ankayamba kuseka asanalankhule. Chimene analibe ndi mawu akeake. Mutu wake unali nkhokwe ya mu Febuluwale.

Tsiku lina anabwera m'chigafa mwa aNankhoma, n'kunjuta bwinobwino manja ali pachifuwa. "Amayi, ndimati ndikujambuleniko nyimbo ziwiri zitatu, za makolo zisatayike." Anamuimbira. Patapita milungu ingapo nyimbo ya mbuzi ija tinaimva ikuphulika pagolosale, mawu ali a Rodrick, ng'oma zili za makina, ndipo ana a sukulu anatiwerengera zolembedwa pakanemapo: wopeka ndi woimba, Rodrick. Ine magazi anandiwira. Eni ake anangoti, "Msiye mwana adyerepo, mbuzi ija inafa kalekale." Zinapita nyimbo zinayi motero, iwo akungoseka.

Ya Mirriam sanamuimbire, anachita kuiba. Tsiku lina kukugwa mvula anadzera m'chigafa n'kusiya foni pamtanda, akuti isanyowe, aitenga pobwerera. Ife tikanadziwa bwanji kuti foni imamva ili chigonere? Mvula yake inali ija yawaawaa, ndipo aNankhoma anaimba.

Tinakaziona kuchigayo. Atsikana anali ataunjikana pafoni imodzi akuseka chikhakhali, mmodzi n'kutikodola. "Agogo, tadzaonani mkamwini wa kwanu." Pakanemapo Rodrick wagona pamphasa, wavala duku, wadziika nsanza kumbuyo kuti aoneke wonenepa, akuliza mkonono dzuwa lili paliwombo. Kenako akutulukira yemweyo atavala ngati mwamuna, akugwedeza ndi phazi mkazi waulesiyo, ng'oma zikugunda, dzuka Mirriam, dzuka ukamalize. Atsikana aja ankavina ali chikhalire. Mayi wa mwana anaonera mpaka pamapeto osaphethira. Kenako anatembenuka n'kuuyamba ulendo wa kunyumba, ufa atausiya pomwepo. Ndinasenza matumba awiri ine, ndikulira ndi ukali njira yonse.

Mkamwini wa eni sumulowera yekha, umadzera kwa apongozi ake. M'mawa mwake tinapita kwa aNamwale, tinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero.

"Nyimbo imene mkamwini wanu waika pafoni mwaimva?" anafunsa aNankhoma.

"Ndaimva. Anthu akuikonda."

"Mwana uja munamusambitsa ndinu."

Eni khomo sanadzutse n'komwe mutu. Masiku amenewo akangofika pamsika anthu ankalozerana kuti awo ndiwo apongozi a Rodrick, ndipo zinkawakomera ngati uchi. "A Mirriam ndi ambiri padziko pano, aNankhoma," anatero. "Komanso nyimbo ilibe khola, ndi ya amene waitulutsa. Inu munkaimbira fodya m'chigafa. Fodyayo anakuomberanipo m'manja?"

"Ine ndikupempha ziwiri zokha. Ya mwana wanga aichotse, ndipo anene ndi pakamwa pake, pafoni pomwepo, kuti nyimbozi mwini wake ndani."

"Mukamuuze nokha, ine ndili ndi nyemba."

Tinakamuuza. Anatiyankha akumwetulira kuti chinthu chikalowa pa intaneti sichitulukanso, komanso kuti tikanamuthokoza chifukwa nyimbo zimene zikanaola m'chigafa tsopano zikumveka mpaka ku Lilongwe. Mwezi womwewo, pa ukwati wina ku Chisepo, titangoyambitsa ya mbuzi ndinamva mayi wina wachitsikana kumbuyo kwanga akuti, "Agogo awa ndi amakono bwanji, akuimba za Rodrick." Ndikudziwa kuti aNankhoma anamvanso, chifukwa anamaliza ndime imeneyo n'kutuluka m'bwalo.

Ine maganizo anga anali achidule, tiibe foniyo tikaiponye m'chimbudzi. "Ukaiponya m'chimbudzi, mwana wanga atuluka m'mafoni a anthu?" anandifunsa. "Khala pansi, Faines. Wakuba amabwereranso pamene anabapo."

Chaka chathunthu sanaimbe. Kuchimtali anasiya, kutchalitchi ankangogwedeza milomo, m'chigafa munkangomveka singano. Anaonda, ndipo ine ndinkaopa kuti titaya munthu akuyenda. Ana a m'mudzi akafuna kudzutsana ankati dzuka Mirriam, iwo akudutsa pomwepo ndi ndowa pamutu. Koma chitsime chikauma woyamba kumva ludzu ndi wotunga. Rodrick anayesa kupeka zake, zinatuluka zozizira ngati phala ladzulo. Anabwereza zakale mpaka anthu anatopa nazo. Ana a sukulu ankatiuza kuti kunsi kwa makanema ake anthu akulemba kuti mnyamata uja watha, zamuthera, abwerere kumunda. Tinayamba kumuona akuzungulirazungulira chigafa chathu ngati galu pa ukwati.

Febuluwale wotsatira aNamwale anapita ku Mtengowanthenga kukadikirira mwana wawo wina amene anali woyembekezera, ndipo zinamveka kuti akakhalako milungu itatu. M'mawa wa tsiku lotsatira ndikulowa m'chigafa, aNankhoma anandilozera ndi milomo pamwamba. Pakati pa masamba a fodya panali kajumbo kakuda katamangiriridwa kumtanda, foni ya Rodrick ili m'kati. Ndinatambasula dzanja kuti ndikatsitse, iwo anandimenya pamkono ndi chingwe. Anakhala pansi, anatenga singano, anakhosomola, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chonse anatsegula pakamwa, mokweza ngati tili pabwalo:

Zinenani, Zinenani,
tambala walira mumtsuko.
Mwati mukupita kumadzi,
nanga madzi ake a nthenga?
Zinenani, Zinenani,
eni nkhuku ali pakhomo.

Singano inandigwa m'manja. Galu wamkota sakandira pachabe. Kwa munthu wobwera, zinenani ndi mawu wamba, akuti pitirizani kunena, sizindikhudza. Koma ife obadwira pano a imvi tikudziwa kuti Zinenani ndi dzina la paubwana la aNamwale. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi anaba tambala wa mayi a Mateyu, mkulu wina wa m'mudzi muno, anamulowetsa mumtsuko, kutseka ndi masamba, n'kusenza ngati akupita kuchitsime. Akudutsa pakhomo pa eni ake, moni akupatsana bwinobwino, tambala analira pamutu pawo. Mudzi unaseka mwezi wathunthu. Dzinalo ndi nkhaniyo zinatsala kuchinamwali, ndipo kwa zaka makumi asanu palibe anazitchulapo.

Ndipo musaiwale kuti wojambulayo ndi mkamwini. Kwathu mkamwini akaona apongozi akubwera amapatuka n'kunjuta m'tchire mpaka adutse. Sadya iwo akuona, sawayang'ana m'maso, ngakhale mfunda wawo amautchula mozemba. Nanji dzina la paubwana.

"Vomera, Faines," anatero aNankhoma chapansipansi, maso ali pa fodya.

Ndinavomera ndi mapapu onse awiri. Tinaibwereza katatu kuti foni imve bwino, poti mvula inkachita phokoso padenga. Mumtima ndinali ndikuvina, ndipo mpaka lero sindinalape.

Rodrick anaimeza ndi mbedza yomwe. Anaona kuti wapeza choyankhira onse aja ankamunena kuti watha. Pasanathe masiku anayi kanema anali atatuluka, ndipo mwana wa eni anachita zoposa zimene tinapempha kwa Mulungu. Anavala kadiresi ka mtsikana, anagwira tambala weniweni, kumulowetsa mumtsuko weniweni, kusenza, n'kumayenda monyang'wa akupereka moni uku ndi uku, mpaka tambala anatulutsa mutu n'kulira. Amene anamugwirira nsungwi ya foni anali Diana, osadziwa kuti akujambula mayi ake omubereka. Pamapeto analemba monga mwa masiku onse kuti wopeka ndi woimba ndi Rodrick.

Nyimbo inayaka ngati moto wolusa. Anyamata a kabaza ankailiza pa njinga, oika nyimbo m'mafoni pamsika ankaiika kwa aliyense wobwera, ana ankasenza zitini pamutu akulira ngati tambala. M'mudzi mwathu achikulire anayamba kuyang'anana, kenako mmodzimmodzi kuzemba kukasekera kuseri kwa nkhokwe. Palibe anamuuza. A Mateyu, amene tsopano amayendera ndodo, anapempha mdzukulu wawo kuti awaonetse katatu, n'kupukuta misozi. "Tambala wa mayi anga wabwerako," anatero, "ngakhale wachedwa."

Eni dzina anabwera Lachisanu masana. Wa njinga yamoto amene anawanyamula anandiuza kuti atangotsika minibasi anaimva pagolosale yoyamba, yachiwiri, ndi pa ometa tsitsi. Pofika m'mudzi adzukulu awo anawathamangira kukawachingamira akuimba yomweyo, wina atasenza chigubu. Ine ndinali pamjigo, ndinaona ndi maso angawa. ANamwale anatsitsa beseni la katundu, anakhala pansi panjira pomwepo miyendo ali tambalale, ngati munthu amene wauzidwa za maliro. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ndinawamvera chisoni kwa kanthawi kokwana kumeza malovu, kenako ndinakumbukira nyemba zija.

Lolemba m'mawa tinaitanidwa pansi pa mtengo wa mango kwa a Langton, mlongo wa aNamwale, amene ndi malume ake a Diana komanso mwini mbumba. Nkhoswe ya Rodrick inachita kubwera kuchokera ku Ntchisi. Anthu anadzaza osaitanidwa. Rodrick anakhala pansi payekha mutu uli pakati pa mawondo, Diana ali chapatali ndi mwana kumsana, maso atatupa. Ponyamuka kunyumba aNankhoma anatenga khasu lakale ladzimbiri, ndipo atafika analigoneka pambali pawo. Anthu anayesa kuti akuchokera kumunda.

"Bambo," anayamba a Langton, "munabwera pano tinakupatsani mkazi, malo omangapo ndi munda. Talakwa chiyani kuti mutivulire mlongo wathu dziko lonse likuona?"

"Sindimadziwa, malume. Ndikulumbira, sindimadziwa kuti ndi dzina."

"Simumadziwa. Koma pakanemapo mwalemba kuti wopeka ndinu. Ana andiwerengera kawiri. Kodi munthu amapeka zimene sakuzidziwa?"

A Langton sathamanga polankhula, anayamba afwenthera fodya kaye. "Nkhani yake ndi yaifupi. Ngati nyimboyi munapeka ndinu, ndiye munatukwana apongozi anu mwadala. Mulonge zanu, dzuwa lisanalowe mukhale mutanyamuka kubwerera kwanu, mkazi ndi mwana atsala pano. Ngati sindinu, mutiuze munaitenga kuti."

Ndinamuona akuyang'ana foni imene inali pansi patsogolo pake, kenako kanyumba kake kamene anali atangofolera kumene, kenako Diana. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma uyu anayenera kulankhula. Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Ndinaijambula m'chigafa mwa amayi aNankhoma. Mobisa."

"Imeneyi yokha?"

"Zonse."

Pomwepo aNamwale analumpha ngati aponda moto. "Ndimadziwa. Ndiwe, Veronika. Tinalowa m'tsimba limodzi, lero wandiika pamsika."

"Ine?" anatero aNankhoma, osakweza mawu. "Ine ndimaimbira fodya wanga m'chigafa mwanga. Fodyayo sanauze munthu. Paja munandiphunzitsa ndinu kuti nyimbo ilibe khola, ndi ya amene waitulutsa. Woitulutsa ndi uyo wakhala apoyo, mkamwini wanu."

Wina kumbuyo anaseka n'kudzitseka pakamwa. A Langton analamula kuti kanema wa tambala achotsedwe, ndipo Rodrick anachotsa pomwepo, koma kunali kutseka khola mbuzi zitatuluka. Nyimboyo ili m'mafoni a anthu mpaka lero, ndipo aNamwale anasintha chigayo. Kenako a Langton anafunsa aNankhoma chimene akufuna.

"Zomwe zija ziwiri ndinapempha chaka chatha. Ya mwana wanga aichotse. Ndipo aimike foni yake pano, lero lomwe lino, atchule nyimbo imodziimodzi ndi mwini wake, anthu ake aja amve."

Nkhoswe ya ku Ntchisi inavomera msangamsanga mwini wake asanafunsidwe. Rodrick anaimirira, anamangirira foni kunsungwi. Kanali koyamba kumuona akudzijambula wopanda duku. Atangoti, "Abale anga, nyimbo zonse zimene ndakhala ndikuimba mwini wake ndi amayi a," aNamwale anamudula. Sanalankhule kwa iye, poti ndi mkamwini, analankhula kwa mtengo wa mango, koma mokweza kuti foni imve.

"Ngati tayamba kufukula maina, tifukule onse. Mwini nyimbo dzina lake ndi Bwezani."

Ine ndinali nditaimirira kale, chitenje ndikumangira m'chiuno, chifukwa tsiku limenelo ndinali wokonzeka kukagona kupolisi. Ndinangomva dzanja likundikokera pansi. Asuweni anga anadzuka pang'onopang'ono, anatola khasu lija, anayenda kayendedwe kawo kokangana ndi njira mpaka anakaima patsogolo pa foni, Rodrick n'kusuntha yekha.

"Ikujambula?" anafunsa.

"Ikujambula, amayi."

"Eya, ndine Bwezani. Mayi anga anandipatsa dzina limeneli akukalipira manda, atawalanda ana atatu. Manda sanabweze." Anakweza khasu lija kufikitsa pagalasi. "Ili ndi khasu la Mirriam amene mwakhala mukumuvina. Sanali waulesi. Anagwa ali nalo m'manja, mzere uli pakati, ndipo amene anamusambitsa ndi awo akhala apowo. Iyeyonso manda sanandibwezere. Koma uyu si manda, uyu abweza."

Sindikudziwa kuti aNamwale anayang'ana kuti, chifukwa maso anga anali atadzaza. Ndinangomva Diana akulira, ndi nsungwi ikugogoda pansi poti Rodrick ankalephera kuigwira.

"Uyambe ndi ya mwana wanga," anatero aNankhoma. "Ndipo gwira bwino foniyo, ndisatuluke wopendekeka."